Mwanabere ndi CD4 ya azakhali

Sabata ino kusukulu ya unamwino tafika pa mutu wa ma lymphocyte, mtundu wa maselo oyera a m'magazi oteteza thupi ku matenda. Ndimawerengera mu taxi, kuchoka ku Bree mpaka ku Rosettenville kuno ku Joni, buku lili pamiyendo, koma mtima wanga umathawira kwa azakhali ku Dedza.

Ndili wamng'ono, iwo akachokera kuchipatala ankangoti, "CD4 yatsikanso." M'nyumba monse zii. Ine ndinkayesa kuti CD4 ndi dzina la matenda. Pano ndi pomwe ndadziwa kuti ankanena za asilikali a m'thupi amene angathe kuwerengedwa m'kadontho ka magazi.

Ma lymphocyte onse amabadwira m'mafuta a m'mafupa. A mtundu wa B amakhwimira momwemo, ndipo ndi amene amapanga ma antibody, zida zogwirira tizilombo toyambitsa matenda. A mtundu wa T amapita kukakulira mu thymus, kachiwalo kobisala kuseri kwa fupa la pachifuwa. Aphunzitsi anati kumeneko kuli ngati kuchinamwali: selo imene ingalimbane ndi thupi la mwini wake imaphedwa isanatuluke. Pakati pa ma T amenewa pali a CD4, omwe ntchito yawo ndi kudzutsa anzawo ndi kuwauza kuti mdani walowa. HIV imalowa mwa iwowa. Munthu wathanzi amakhala nawo 500 mpaka 1,500 pa kiyubiki milimita imodzi ya magazi; akatsika kufika pansi pa 200, chifuwa chachikulu ndi matenda ena amangolowa ngati pakhomo popanda chitseko. Nditawerenga pamenepa ndinatseka buku, misozi ili m'maso.

Lachitatu usiku mayi wina wa ku Mangochi, amene timakhala naye payadi imodzi, anagogoda. "Achemwali, taonani mwanayu, watupa m'mphechepeche." Kuphazi kunali bala la botolo, ndipo chotupacho chinali mwanabere. Ndinamuuza kuti mmenemo ndi momwe ma lymphocyte amasonkhana ndi kuchulukana akamva kuti tizilombo talowa pabala. Tinatsuka balalo ndi madzi a mchere, ndipo ndinamuumiriza kuti kukacha apite naye kukiliniki, chifukwa ine ndikadali wophunzira.

Azakhali anayamba ma ARV boma la Malawi litayamba kuwapereka ulele mu 2004. Dzulo ndinawaimbira pa WhatsApp kuti ndiwafotokozere zonsezi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ndidikire kaye, akukatenga kabuku kawo ka kuchipatala kuti andiwerengere manambala onse kuyambira oyamba aja.