Lachiwiri: sikimu ya chipatala kapena fetereza

Kwacha ndi chifunga, phiri la Dedza losaoneka n'komwe. Mwana wathu wachiwiri watsokomola usiku wonse. Mphumu yake imadzuka June akangofika. Ndili pa kabaza kupita kuntchito, foni yalira: uthenga wondikumbutsa kuti ndalama ya mwezi uno ya sikimu ya chipatala, inshuwalansi yotilipirira tikadwala, sinalowe.

Masana ndakumana ndi achemwali kumsika akusankha kabichi. Nditawauza, aseka. "Inu mumakonda kutaya ndalama. Chipatala cha boma si chaulere kodi?" Sakunama, ndipo ana anga onse anabadwira konko osalipira kalikonse. Koma tonse tikudziwa masiku ena aja adokotala amalemba m'buku n'kunena kuti mankhwalawa mukagule ku famase. Ukathamangira ku zipatala za mishoni za CHAM, monga ku Mua, uyenera kupita ndi kangachepe m'thumba.

Nkhani yeniyeni inali madzulo, ana atagona. Bambo akunyumba anatenga kope ndi cholembera, nkhope ili gwa. Awerengetsa ndalama ya sikimu ya chaka chonse n'kuisandutsa matumba a fetereza a kumunda wathu wa mbatata ku Bembeke. Masamu awo ndi oona. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro akuthera panjira. Mankhwala ambiri amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola, ndiye sikimu nayo siima malo amodzi. Kuwonjezera apo pali shortfall: uli ndi khadi m'manja koma akuti wonjezerani.

"Mayi, bwanji ndalamayi tiziika ku banki mkhonde? Mwana akadwala tikatapako."

Ine ndakana. Ndalama ya banki mkhonde ndimaidziwa, ili ndi eni ake ambiri. Fizi ikubwera, maliro kumudzi, denga la apongozi likudontha. Podzafika usiku woti mwana akubanika, m'bukumo mudzakhala ngongole yokhayokha, kenako tidzagogoda kwa akatapila. Komanso sikimu ukaisiya n'kudzabwerera umayamba wadikira miyezi asanakuthandize pa zina, ndipo amafunsa za matenda amene uli nawo kale. Mphumu sitingaibise.

Bambowo, amene sanagonepo m'chipatala chibadwire, akuti ndiye tiwachotse iwo m'sikimumo, titsale ine ndi ana. Amuna! Munthu woyenda pa njinga yamoto mu msewu wa M1 tsiku ndi tsiku ndi amene akufuna kuyenda opanda khadi.

Tagwirizana zotsikira pa pulani yotchipa, tonse tikhalemo. Ya TV mwezi uno sitilipira, mpira akaonera kwa anzawo. Fetereza tichepetsa thumba limodzi, mbali ya kumunsi tithira manyowa. Mawa nthawi yopuma ndiimba foni kufunsa ngati pulani yotchipayo imalipira inhela ya mphumu, komanso ngati kiliniki ya pa boma pano imailandira kapena mpaka ku Lilongwe.