Jenereta ya alamu inadzuka yokha ndili pamwamba pake

Popeza nkhaniyi yafika kale kwa anthu ambiri ndipo aliyense akuthirapo mchere wake, ndaganiza zoifotokoza ndekha. Ndi zoona kuti ndinakwera mumtengo wa mango, koma si zoona kuti ndinalibe chovala, chifukwa tawulo ndinali nalo, kungoti linali m'manja m'malo mokhala m'chiuno.

Munali mu 2022, chaka chimene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, moti mdima unkatiyendera tsiku ndi tsiku ngati wachibale wosowa zochita. Alamu anga popita ku Johannesburg anandisiyira nyumba yawo ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe ndipo anandilangiza za agalu, za makiyi ndi za nsomba za chambo zimene zinali mufiriji, koma za bokosi lalikulu lachitsulo limene linali kuseri kwa nyumba sananenepo kanthu. Kuti ndi jenereta ndinkadziwa. Koma ine ndinakulira kumene jenereta ndi kachinthu kolira pakhomo poonetsera mafilimu, kamene umakakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, n'kukapempha mokoma, n'kukatukwana, kenako n'kukakokanso. Chotero ndinaona kuti chinthu chopanda chingwe chokoka sichingavute munthu, ndipo ndinachisandutsa mpando, popeza pamwamba pake m'pamene netiweki inkagwira bwino.

Tsiku lina madzulo nditangosamba, ndinakhala pabokosipo n'kuimbira foni apongozi anga ku Ntcheu. Tili mkati mofunsana za moyo, magetsi anathima, dera lonse n'kuti zii. Ndinanena modekha, ngati munthu wozolowera mavuto, kuti, "Amayi, kuno atithimitsiranso." Panadutsa masekondi ngati khumi amene ndimawakumbukirabe kuti anali omaliza a ulemu wanga. Kenako pansi panga china chake chinati gwa, chinatsokomola kawiri ngati gogo wosuta fodya wa chingambwe, n'kubangula.

Anthu amene akundiseka sanakhalepo pamwamba pa injini ya dizilo pamene ikudzuka. Kunjenjemera kunayambira m'matako, kunadutsa mumsana, n'kukagwedeza mano amene ndinali nditaiwala kuti ndili nawo. Mphepo yotentha inandiwomba m'miyendo, utsi unatuluka chapafupi ndi khutu langa, ndipo nthawi yomweyo mababu onse a nyumba anayaka, kundionetsa kwa aliyense ngati katundu wa pa okushoni. Maganizo oyamba anali akuti pali wakuba amene wailiza, ndipo achiwiri, amene anabwera msanga kuposa mmene ndingavomerezere pamaso pa abusa, anali akuti chuma cha alamu chili ndi mwini wake amene amagona m'bokosimo. Mtengo sindikukumbuka kuti ndinaukwera bwanji. Chimene ndikukumbuka ndi mawu a apongozi ali pansi pa udzu, akufunsa pafoni kuti, "Bambo, kodi chakugwirani n'chiyani?"

Mlonda wa nyumba yoyandikana, bambo wachikulire, anafika ndi chibonga atamva kukuwa kwanga, ndipo atandiunika ndi tochi anaizimitsa msanga chifukwa cha ulemu. "Tsikani bwana, ili pa auto," anatero. Ndinawayankha kuti, "Madala, ndikuona kaye ngati mango apsa," ngakhale kuti munali mu Juni.

Ndi iwowo amene anandiphunzitsa, ine nditamanga tawulo mfundo ziwiri. Pakhoma pali kabokosi kamene amati changeover, kamene kamamvetsera mphamvu ya magetsi ochokera mumsewu usana ndi usiku. Magetsi akathima kamadikira masekondi angapo kuti katsimikize kuti sikuphethira chabe, kenako kamalamula batire kuti lilize injini, monga zimachitikira m'galimoto. Injini ikafika pa liwiro lake, lomwe kwa majenereta ambiri a dizilo kuno ndi kuzungulira ka 1500 pa mphindi kuti magetsi atuluke pa 50 Hz, muyeso wofanana ndi wa magetsi a mumsewu, kabokosiko kamachotsa nyumba pamawaya a mumsewu n'kuilumikiza ku jenereta. Sikalola kuti mbali ziwirizi zilumikizane nthawi imodzi, chifukwa magetsi a jenereta atabwerera mumsewu akhoza kupha munthu amene akukonza mawaya papolo. Ndinagwedeza mutu ngati kuti zonsezi ndinkazidziwa, kungoti ndinkafuna kuwayesa.

Cholakwa chawo madala aja n'chakuti phunziro analisiyira pakati. Cha m'ma 10 koloko usiku magetsi anabwera, nyumba za anzathu zinayaka, koma jenereta inapitiriza kulira. Ndinaipatsa mphindi imodzi, ndinaipatsa yachiwiri, ndipo poganizira mtengo wa dizilo ndinaona kuti chinthuchi chayamba mwano. Tsopano ndikudziwa kuti kabokosi kaja kamayamba kadikira kuti kaone ngati magetsi abwereradi, ndipo kakabwezera nyumba ku mawaya a mumsewu, injini imalirabe mphindi zingapo popanda katundu kuti izizire isanazime. Usiku umenewo sindinkadziwa. Ndinaiyandikira chammbali ngati mmene munthu amayandikirira ng'ombe yolusa, n'kudina batani lalikulu lofiira, ndipo inazima pomwepo. Ndinagona ngati munthu amene wapambana mlandu kwa amfumu.

Batani lofiiralo ukalidina limakhala lodinika mpaka wina atalibwezeretsa, ndipo jenereta siingadzukenso ngakhale mdima utabwera wotani. Kwa masiku anayi magetsi ankathima maola ambirimbiri, ine n'kumanyadira kuti ndachiphunzitsa khalidwe, pamene chambo cha alamu chinkasungunuka mwakachetechete mufiriji.

Alamu atabwera anangopotoza batani lija ndi zala ziwiri, osanena kanthu. Apongozi mpaka lero akandiimbira amayamba ndi kufunsa ngati ndakhala pansi kapena pa chinthu, ndipo patapata wanga mmodzi akadali m'nthambi za mango aja.