Zikomo kwa amene munandipirira pa dziwe losambiramo

Abale ndi abwenzi, ndikulemba mawuwa mapewa akuwawabe, fungo la mankhwala a m'dziwe lisanachoke m'tsitsi, chifukwa mtima wanga sukundilola kudikira. Dzulo ndinamaliza mpikisano wa mamita 100 wa masambiridwe anayi, gawo lililonse la mamita 25 lili ndi kasambiridwe kake, ndipo ulendo uno nthawi yanga inalembedwa pa pepala. Ambuye alemekezeke.

Ambiri mukudziwa zimene zinachitika chaka chatha, pamene ndinatuluka m'madzi ndikusangalala, kenaka n'kuuzidwa kuti kusambira kwanga sikunawerengedwe. Sindibwereza zonsezo. Vuto linali pa gawo lachitatu, la breaststroke, limene ife timalitchula kuti kusambira kwa chule. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo kunyanja tinkasambira mutu uli pamwamba, mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo ngati sizasi, popanda wofunsa chilichonse malinga wafika pamene pali bwato. Koma lamulo la mpikisano limafuna kuti miyendo yonse iwiri iziyendera limodzi, mapazi atatembenukira kunja pokankha madzi, ndiponso kuti pa khoma munthu agunde ndi manja awiri nthawi imodzi. Phazi langa lakumanzere, limene linazolowera njira yake kwa zaka zoposa 30, linkakana kutembenuka.

Apa ndi pamene ndikufuna kuthokoza amayi amene ndimasambira nawo mzere umodzi, aphunzitsi opuma pa ntchito, amene dzina lawo sindilitchula poti sakonda zotamandidwa pagulu. Amayi, inu simunalipidwe ndi aliyense. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chitakuta Blantyre, madzi akuzizira mpaka mano kugundana, munkafika isanakwane 6 koloko m'mawa chifukwa cha ine. Munandikhazika m'mphepete mwa dziwe, inu n'kuima m'madzimo, n'kugwira kakolo wanga ndi manja anu awiri kumutembenuza pang'onopang'ono kufikira thupi litamva chimene mutu unali utadziwa kale. Munandigoneka chagada kuti ndizikankha madzi mawondo osatulukira pamwamba, zidendene zikubwerera kumbuyo. Ndinu munazindikira kuti kuthamanga kwanga ndiko kunkandithetsa mpweya, ndipo mawu anu anayi aja, koka, puma, kankha, dikira, ndi amene ndinkawerenga dzulo m'mamita 25 onse a gawo lovutalo.

Sindidzaiwala tsiku limene bondo linayamba kuwawa chamkati, ndikulira m'chipinda chovaliramo kuti zaka 43 zandigonjetsa. Simunandinyengerere ndi mawu ambiri. Munandionetsa kuti ndinkatangadza mawondo mopitirira muyeso, munandiletsa gawo limenelo kwa sabata yathunthu, ndipo tsiku lotsatira munandiimbira foni kufunsa ngati kutupa kwaphwa. Mulungu akuonjezereni masiku, amayi, ndipo asunge mphamvu za manja anuwo.

Ndikuthokozanso bambo a kunyumba, amene ankakonzekeretsa ana kusukulu katatu pa sabata osadandaula, mnyamata wa kabaza amene sanachedwepo ngakhale kunja kuli mdima, ndi achimwene amene amasesa dziwe, amene ankatsegula geti mofulumira akationa tikunjenjemera panja. Inu a m'gulu lathu amene munkasiya mzere wa kukhoma kuti ndizigwira ndikatopa, ndinkaona ndithu.

Kwa amene munkanena kuti mayi wa ana atatu alibe chifukwa chotayira nthawi m'madzi ngati mwana, dziwani kuti mawu anu ankandifika ndipo ankandipweteka. Ena munalonjeza kubwera dzulo koma mipando yanu inali yopanda anthu. Sindikusunga mangawa.

Pamene ndinagunda khoma lachitatu ndi manja onse awiri, ndinamva mawu amodzi okha pakati pa phokoso lonselo, ndipo anali anu, amayi. Lachiwiri ndidzafika nthawi yomwe ija, chifukwa munanena kuti tsopano tiyambe kukonza manja a butterfly, kusambira koponya manja onse awiri kutsogolo nthawi imodzi pamwamba pa madzi, ndipo chambo chimene ndinalonjeza chikuchokera kwathu Loweruka.