Ine si dokotala wa mano

Popeza nkhaniyi yafika kale mpaka ku Namwera, ndipo dzulo wakabaza amene sindimudziwa n'komwe anandikuwira pa mlatho wa Bakili Muluzi kuti, "Adokotala, dzino langa likugwedera!", ndaona kuti ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga zina. Inde, ndinapaka Colgate m'kati mwa laputopu. Sindikukana. Koma inu amene mukuifalitsa mukudumpha zambiri, zina mukuchita kuwonjezera. Utsi sunatuluke. Apongozi anga sanakomoke, anangokhala pansi mofulumirirapo.

Laputopu yake mukuidziwa, Lenovo ThinkPad T420 ija, ya mu 2011, yakuda bii, yolemera ngati njerwa zootcha, yokhala ndi kachiphuphu kofiira pakati pa kiyibodi. Ndinaigula pa kaunjika ku Limbe. Alamu anga amaitcha kuti Agogo, ndipo akabwera kunyumba amayamba aipatsa moni asanandipatse ine. Asekeni, koma Agogowo ndinawachotsa hard disk yakale, chosungira mafayilo chija, n'kuwaika SSD, chosungira chamakono chothamanga kwambiri, moti amadzuka ine ndisanamalize kutakasa shuga mu tiyi. RAM, imene makina amakumbukira nayo ntchito imene akugwira, inali 4GB, ndinawonjezera kufika 8GB ndi manja angawa, ina pansi pa laputopu, ina kunsi kwa kiyibodi. Zopyapyala zambiri zamasiku ano RAM yake ndi yowotcherera, ikachepa yachepa basi. Windows 11 inawakana Agogo kuti ndi okalamba, Windows 10 nayo eni ake anasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, mphwanga wa ku koleji anangoikamo Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, moyo n'kumapitirira. Ndiye munthu azindiuza kuti ndigule yatsopano? Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa laputopu yatsopano umafuna uyambe waitanitsa msonkhano wa banja, mugwirizane kuti mbuzi zonse za kumudzi zipite.

Kulakwa kwanga koyamba sikunali Colgate ayi. Kunali kompuresa.

Inu a ku Dedza ndi ku Mzuzu simungamvetse kutentha kwa kuno ku Mangochi mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale abuluzi amayenda monyang'ama pa mchenga. Fani ya Agogo inayamba kulira ngati injini ya boti la asodzi a usipa. Mnzanga wina anati ndi fumbi, ingoipemerera mphepo yamphamvu. Mphepo yamphamvu m'tauni muno ili kwa opopa matayala. Ndinanyamula Agogo m'chikwama, n'kukawagoneka pa benchi pakati pa machubu a njinga zamoto. Mnyamata wake anandiyang'ana, n'kuyang'ana laputopu, n'kufunsa kuti, "Bwana, tipope zingati?" Ndinati angolozetsa paipi pa timazenera ta m'mbali. Phwiii! Zimene zinatuluka mmenemo, abale, ndi mbiri ya banja langa lonse: fumbi la zaka zambiri, nyenyeswa za zitumbuwa, ubweya wa mphaka pamene ife sitinawetepo mphaka, ndi kamutu ka usipa kamene kanandiyang'ana kasanagwe pansi. Fani inazungulira mpaka kulira ngati ambulansi, kenako kunamveka kuti thwa. Kufika kunyumba, kuyatsa, sikirini inangolemba mawu awiri, "Fan Error", n'kuzima. Ndinadzamva pambuyo pake kuti popemerera umayenera kuigwira faniyo ndi kamtengo ka machesi kuti isazungulire mopitirira mphamvu yake. Safunsa anadya phula.

Fani ina inachokera ku Limbe komweko, inabwera ndi kondakitala wa minibasi itakulungidwa m'nyuzipepala. Pa T420 fani imabwera yolumikizana ndi kapaipi ka kopa kamene kamakhala pamwamba pa purosesa, ubongo wa makinawo, n'kumakoka kutentha. Pakati pa ziwirizi pamafunika phala lina lotuwa, thermal paste, loti litseke timipata tosaoneka ndi maso, kutentha kuzidutsa bwino. Ukachotsa kapaipi kakale, phala lakalelo latha ntchito, umapukuta n'kuika latsopano. Wogulitsa uja analonjeza kuti aikamo kachubu kake. Ndinakutumula nyuzipepala tsamba lililonse, ndinawerenga ngakhale za mpira. Munalibe.

Unali usiku, kiyibodi ili pa mpando, tima screw tili m'mbale ya tiyi, Agogo ali chitsegukire ngati chambo chong'amba. Ndinalowa pa YouTube pa foni, n'kupeza azungu akuyesa zinthu zosiyanasiyana m'malo mwa phala lija, ndipo mankhwala otsukira mano anachita bwino ndithu. N'kutheka kuti kumapeto kwa kanemayo ananena kuti zimenezi n'zongoyesera, musasiye choncho. Bandulo inathera pakati. Ndinalowa kubafa mwakachetechete, n'kutenga chubu cha banja lonse. Ndipo apa ndivomereze: anati kadontho, koma ine ndinaganiza kuti kuno n'kotentha kuposa kwawo, ndiye ndinafinya mowolowa manja.

Tsopano mverani mbali imene onyoza aja amaibisa. Zinatheka. Agogo anayaka, fani ili phee, m'mbali mukutuluka kamphepo konunkhira ngati munthu wopita kukafunsira mbeta. Masiku asanu ndi atatu athunthu inagwira ntchito popanda vuto. Cholinga changa chinali choti ndiitanitse phala lenilenilo mawa lake, koma chinthu chikamayenda bwino ndani amakumbuka? Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Loweruka lake kunali msonkhano wa komiti ya ukwati wa mlamu wanga wamkazi, kwa apongozi ku Mpondasi, ine mlembi. Anandisankha chifukwa cha laputopu yomweyo, tisanamizane. Bajeti yonse inali mmenemo: holo, zokuzira mawu, matumba a mpunga, nkhuku, nsalu za yunifolomu, ndiponso mndandanda woopsa uja wa amene analonjeza ndalama ndi amene apereka. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, akuchimuna uku, akuchikazi uku, ankhoswe pakati. Batire la Agogo limasunga moto mphindi zokwana kupemphera pemphero lalifupi, choncho tinakoka chingwe kuchokera pabalaza, kudutsa pawindo, kudumpha mtondo, kudzafika pa katebulo kanga. Ine mkamwini, malaya oyera, ndakhala mowongoka.

Amati tsoka silinunkha. Langa linanunkhira.

Tili pa nkhani ya mpunga, malume a kuchimuna, bambo aulemu wawo a chisoti choyera, anakweza mphuno m'mwamba. Ananunkhiza kumanja, ananunkhiza kumanzere. "Pepani wapampando," anatero, "kodi alipo akutsuka m'kamwa?" Anthu anayang'anana pakamwa. Ine ndinayang'ana mango. Fungo lake silinali la m'mawa lija lozizirira bwino ayi. Linali la Colgate wophikidwa, wofika pothira ufa, ndipo fani yatsopano ija, yamphamvu zake, inkaligawa mwachilungamo kumbali zonse ziwiri za ukwati. Chimene chinachitika m'katimo ndachidziwa tsopano: mankhwala a mano ali ndi madzi, madziwo anauma pang'onopang'ono, chotsala chinali choko. Kutentha kunalibenso podutsira. Pansi pa zikhatho zanga panali ngati chiwaya cha tchipisi, koma ndinapitiriza kuwerenga mokweza, mwina mawu angaphimbe fungo.

Kenako inatuluka nyerere imodzi.

Inatulukira pa kachitseko ka DVD, inaima m'mphepete, n'kugwedeza tinyanga take ngati munthu wotsika basi pamalo achilendo. Ndinaiphimba ndi chala. Inatuluka yachiwiri. Yachitatu inatuluka itasenza dzira loyera pamutu, mwaulemu, ngati mayi wochokera kuchigayo. Pambuyo pake panabwera mtundu wonse. Sizinabalalike ayi, chikhala zinabalalika bwenzi ndikuti zagwa mumtengo. Zinapanga mzere umodzi wowongoka, aliyense ndi katundu wake, kuchoka mwa Agogo, kudutsa pa pepala la ajenda, kukhota pang'ono pa cholembera changa, kutsika ndi mwendo wa tebulo, n'kulunjika kumene kunakhala ankhoswe. Zina zinatulukira pakati pa mabatani, ina inakwera pa kachiphuphu kofiira kaja n'kuimapo ngati wapolisi wa pamsewu. Msonkhano wonse unali zii. Wapampando anasiya chiganizo pakati. Anthu akuluakulu oposa makumi awiri, ena anachita kuchokera ku Malindi ndi ku Monkey Bay, tonse maso pa nyerere imodzi yonenepa imene dzira linkaipulumuka, ikatola, ligwe, ikatola, ligwe. Ndikulumbira kuti itafika pansi bwinobwino ndinamva wina akupuma mwamphamvu. Ankhoswe a kuchimuna anakweza mapazi onse awiri m'mwamba n'kukhala choncho, nkhope ili yaulemu ngati palibe chikuchitika, nyerere zikudutsa pansi pa mpando wawo ulendo wa kumpanda.

Msungichuma, pofuna kupulumutsa zinthu, anati, "Alembi, tatiwerengereni amene sanapereke." Ndinatsitsa maso pa sikirini. Purosesa ya mu T420 ikayandikira madigiri 100 imadzizimitsa yokha kuti isapse. Inasankha nthawi imeneyo. Mdima bii.

Azakhali ena a kuchikazi anaimirira, chitenje akumanga. "Awa ndi malodza! Nyerere kusamuka ndi mazira masanasana, makina kuzima pa dzina la ndalama? Alipo amene sakufuna ukwati uno!" Akuchikazi anayang'ana akuchimuna. Akuchimuna anayang'ana akuchikazi. Wina anakumbutsa za nkhuku ya pa chinkhoswe imene akuti inali yowonda. Wina anayamba nyimbo ya pemphero chapansipansi. Apa m'pamene apongozi anga aakazi, amene ankabwera ndi ndowa ya thobwa, anakhala pansi mofulumira muja. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinakhala chete. Ndinayeza zinthu ziwiri mumtima, ukwati wa mlamu wanga ndi ulemu wanga, ndipo ndinaona kuti ukwatiwo ungathe kupirira mphindi zina zingapo.

Anandigulitsa ndi mwana wanga yemwe, wa Sitandade 1, amene ndimamulipirira sukulu. Anachokera kuseri kwa mtondo, chala m'kamwa, n'kunena mokweza ngati akuyankha funso m'kalasi: "Si malodza. Adadi anathira Colgate yense mu kompyuta. Ife tikutsukira mchere."

Apongozi aakazi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso pagulu. Anatembenukira kwa mwana wawo, mayi a kunyumba kwanga, n'kunena modekha kuti, "Tawafunsani bambo a anawa, kodi makinawo ali ndi mano?" Mayi a kunyumba sanandifunse. Anangondiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti tikakambirana kunyumba, chifukwa sabata yonse ndinali nditawalola kukhulupirira kuti chubu chinatha ndi ana. Malume a chisoti aja ndi amene anayamba kuseka, mpaka chisoti chinagwa, ndipo ndi iwowo amene anati, "Asiyeni adokotala a mano apume." Dzina linabadwira pamenepo. Koma muzikumbukiranso kuti mbali ziwiri zija, zimene zinatsala pang'ono kukumbirana mitanda, zinagwirizana nthawi yomweyo. Zinagwirizana pondiseka ine, komabe zinagwirizana. Palibe amene wandithokozapo.

Mndandanda wa ngongole tinaulemba pamtima tsiku limenelo, ndipo mwadzidzidzi aliyense anakumbukira kuti anapereka kale.

Mphwanga anabwera Lolemba ndi kachubu ka phala lenileni, kakang'ono ngati jakisoni. Anapala choko chija, anapukuta ndi spirit, n'kudontheza kadontho kochepa ngati njere ya mpunga. Njere imodzi! Ndinamufunsa ngati sakuumira, sanandiyankhe. Atasolola DVD anapeza mudzi wonse wa nyerere, ndipo iye akuti sizinatsate Colgate ayi, zinatsata nyenyeswa ndi kafundidwe, ndipo zinalowa kalekale laputopu ili pa shelefu kudikira fani. Ndiye kuti pa mlandu wa nyerere ndine wosalakwa, kutentha kokha n'kumene kunazisamutsa. Mayi a kunyumba akuti zimenezo ndikauze nyererezo. Bajeti yonse inapezeka ili bwinobwino pa SSD, ndipo pa msonkhano wotsatira ndinawerenga mayina a osapereka mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, ndikumwetulira. Ena a inu amene mukunditcha dokotala munali pa mndandandawo, ndipo mudakalipo.

Agogo akugwirabe ntchito, ndi amene ndalembera zonsezi. Akatenthedwa kwambiri kafungo kaja kamabwererako pang'ono, mwina kanalowerera m'mapulasitiki. Colgate wa kunyumba tsopano amakhala m'chikwama cha mayi, ndimachita kupempha m'mawa uliwonse, amandifinyira okha pa mswachi. Lachinayi lapitali kunabwera mayi wina pakhomo ndi mwana wotupa tsaya, akuti anamva kumsika. Ameneyo sankaseka ayi. Ndinamulozera njira ya kuchipatala, n'kumupatsa ya kabaza.

Batire lija likufunikabe lina. Ndaona kanema wina wonena kuti ukhoza kulitsegula n'kusintha ma cell a m'kati, koma sindinamuonere mpaka kumapeto.