Masiku a mbindikiro wa ziweto zobwera pa sitima amayambira pati?

Sabata ino mtima wanga wakhala pansi. Phunziro la mbindikiro wa ziweto zolowa m'dziko kudzera pa doko lakhala likundisowetsa tulo chiyambireni teremu, ndipo tsopano ndi pomwe ndingalimbe mtima kunena kuti ndalimva. Anzanga amene tikulimbana limodzi ndi kosi ya zaumoyo wa ziweto, za chilolezo cholowetsera ziweto, satifiketi ya dokotala wa boma ndi mndandanda wa matenda oyenera kulengezedwa sindibwereza, mukuzidziwa kale. Chimene chinkandizunguza mutu ine ndi manambala aja a m'malamulo a WOAH, bungwe loona zaumoyo wa ziweto pa dziko lonse, onena za nthawi imene matenda angabisale m'chiweto: masiku 14 a matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, masiku 21 a mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest, 28 a matenda a zotupa za pakhungu otchedwa lumpy skin, miyezi 6 ya matenda a m'mapapo a ng'ombe otchedwa CBPP. Kuloweza ndinkaloweza ndithu, koma funso limodzi silinkandichoka. Ng'ombe yakhala kale milungu itatu pakati pa nyanja, kutali ndi khola lina lililonse. Nanga ikafika pa doko aitsekerenso chifukwa chiyani? Sitimayo payokha si mbindikiro kale?

Yankho lake ndi lalifupi moti ndikudabwa kuti palibe amene anandiuza motere. Masiku a mbindikiro sawerengedwa kuyambira tsiku limene chiweto chachoka kwawo. Amawerengedwa kuyambira tsiku lomaliza limene chiwetocho chikanatha kutenga matenda. Ndipo m'sitima tsiku lomalizalo silikhala malo amodzi, limangosunthira kutsogolo.

Tiyerekeze kuti mwa ng'ombe zonse zokwera sitima, imodzi yokha ndiyo ili ndi kachilombo kobisala. Dokotala pa doko lonyamukira saona chilichonse chifukwa palibe choti aone. Patapita masiku angapo ng'ombe ija yayamba kutulutsa kachilombo, yapatsira zoyandikana nazo pomwera madzi. Zimenezo nazonso zikhala masiku awo zikuoneka bwinobwino, kenako zipatsira za m'khola lotsatira. Zili ngati mmene moto umayendera m'mudzi anthu akamapalana nyumba ndi nyumba: pamene unayambira pangakhale patazima kalekale, koma moto ukadalipo, uli pa mafuwa a munthu wina. Tsiku lofika pa doko pamakhala ng'ombe imene yatenga matenda dzulo lake lomweli, ndipo imeneyo ndiyo imatsika monyadira, maso ali gwa, ubweya uli see. Milungu itatu ya panyanja ija kwa iyo ndi ziro. Kuwerenga kwake kumayamba lero.

Nditagwira pamenepa, mbiri imene ndinkaiwerenga ngati nkhani zosagwirizana inayamba kulumikizana yokha. Rinderpest anali matenda achangu: amabisala masiku ochepa, amapha ng'ombe zambiri, ndipo imene yachira siidwalanso komanso siisunga kachilomboko. Pa nthawi ya zombo zoyendera mphepo, ulendo unali wa miyezi ndipo ng'ombe m'chombo zinali zochepa, choncho matenda otere akakwera nawo ankatha okha chombo chisanakocheze, chifukwa chosowa wina wompatsira. Zitabwera sitima zoyendera malasha, ngalande ya Suez n'kutsegulidwa mu 1869, maulendo anafupika ndipo ziweto m'sitima zinachuluka. Mu 1865 sitima ya Tonning inatsitsa ng'ombe zochokera ku Revel, kumene tsopano ndi Tallinn ku Estonia, pa doko la Hull ku England, ndipo mliri umene unabuka chaka chimenecho unawonongetsa Britain ng'ombe zoposa 200,000. Mu 1887 ng'ombe zimene Ataliyana anabweretsa pa doko la Massawa, ku Eritrea, zinalowetsa rinderpest kuno ku Africa. Pofika 1892 anali atafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi, cha ku Karonga, mu 1896 anaoloka Zambezi n'kufika ku Bulawayo, ndipo mu 1897 anali ku Cape, ku South Africa. M'madera ambiri pa ng'ombe khumi zilizonse pankatsala imodzi. Wina m'kalasi ananenapo kuti ife a ku Malawi tilibe doko la panyanja yamchere, ndiye phunziroli ndi la eni ake. Ine ndikaona mtunda wochokera ku Massawa kufika ku Karonga, mawu amenewo sindingawavomere.

Ngakhale bungwe lomwe timaloweza malamulo akeli linabadwa chifukwa cha sitima. Mu 1920 ng'ombe za mtundu wa zebu zochokera ku India, zili pa ulendo wopita ku Brazil, zinaima pa doko la Antwerp n'kusiya rinderpest ku Belgium. Mantha a chimenecho ndiwo anachititsa kuti mayiko 28 akhazikitse bungwe la OIE ku Paris mu 1924, lomwe lero tikulitcha WOAH. Ng'ombezo sizinali zogulidwa ndi Belgium, zinkangodutsa. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake chiweto chongodutsa chimafunsidwa mapepala mofanana ndi chokhala.

Tsono yerekezani ndi CBPP, matenda a m'mapapo aja. Iwowa sanadikire sitima za malasha. Analowa ku South Africa cha m'ma 1853 ndi nkhunzi zochokera ku Netherlands zomwe zinatsikira ku Mossel Bay, ndipo mu 1858 analowa ku Australia ndi ng'ombe yochokera ku England imene inatsikira ku Melbourne, pambuyo pa ulendo wa miyezi panyanja. Chifukwa chake n'chomwechija cha masiku: amatha kubisala nthawi yaitali kuposa ulendo wonse, ndipo ng'ombe yooneka ngati yachira imatha kusunga tizilombo m'kachigawo ka phapo kotsekeka. Australia inamasuka ku matendawa mu 1973, patapita zaka zoposa 100. Ndiye miyezi 6 ija si nambala yongolemba kuti ophunzira azivutika nayo. Ndi muyeso wa kutalika kwa nthawi imene mdaniyu angathe kukhala chete.

Njira imene yandithandiza, ndipo ndikuilimbikitsa kwa aliyense, ndi yojambula mzere wa masiku. Tengani pepala, mulipingase, mujambule mzere umodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ikanipo tsiku lolowa m'khola la mbindikiro kwawo kwa chiweto, tsiku lokwera sitima, doko lililonse limene sitima yaimapo, ndi tsiku lotsika. Kenako dzifunseni funso limodzi lokha: ndi pati pomaliza pamene kachilombo kakanatha kulowa? Pamenepo ikani chala, n'kuyamba kuwerenga masiku a matenda amene mukuwaopawo. Ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu amene wazolowera mzerewu palibe funso la mbindikiro limene lingamugwetse pa mayeso, ndipo ndikanakhala mphunzitsi ndikanaphunzitsa mutu wonsewu ndi pepala limodzi lomweli, mabuku n'kuwasiya pambali kaye.

Taonani mmene malamulo ambiri amadzifotokozera okha mukakhala ndi mzerewu. Lamulo loti ziweto zilowe pamodzi ndi kutuluka pamodzi: mukaonjezera mbuzi imodzi yatsopano m'khola pa tsiku la 20, chala chija chasunthira pa tsiku la 20, ndipo gulu lonse liyambirenso. Chiweto chimodzi chikadwala m'katimo, n'chimodzimodzi. Sitima ikaima pa doko la dziko lina kukatenga udzu kapena madzi, chala chasuntha, makamaka ngati kumeneko kuli tizilombo touluka tija timene timafalitsa matenda a nkhosa ndi ng'ombe otchedwa bluetongue, chifukwa tizilombo timeneti sitifuna chilolezo chokwerera sitima. Wantchito akachoka kukhola kwake n'kulowa mu mbindikiro ndi nsapato zomwezo, chala chasuntha. N'chifukwa chake ndowe, zogonera ndi chakudya chotsala m'sitima siziloledwa kutsika mwachisawawa. Ndipo n'chifukwa chake mayiko ambiri ogula amafuna kuti kubindikiritsa ndi kuyeza magazi kuchitike ziweto zisanakwere, kuti m'sitima mulowe gulu loyera kale. Saudi Arabia italetsa ziweto zochokera ku Somalia ndi mayiko oyandikana nayo mu 1998 komanso mu 2000 chifukwa cha matenda ofalitsidwa ndi udzudzu otchedwa Rift Valley fever, malonda anadzatsegukanso kudzera m'makola akuluakulu a mbindikiro m'madoko ngati Djibouti ndi Berbera, ndipo chiletso cha Somalia chinachotsedwa mu 2009. Angerezi akale anali ndi njira yawo yachidule: pa msika wa ng'ombe zakunja wa ku Deptford mu London, umene unatsegulidwa mu 1871, chiweto chinkaphedwa pomwepo pasanathe masiku 10, osatulukamo chamoyo. Pamenepo mzere umangodulidwa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zonsezi ndazitola ndekha usiku, pamene m'kalasi tinangopatsidwa tebulo. Matenda kumanzere, masiku kumanja, lowezani, mudzalembe. Aphunzitsi athu ndi anthu odziwa zinthu, ena agwirapo ntchito m'malire a dziko zaka zambiri, koma mutuwu anauthamangitsa ngati galimoto ikuwasiya, poti silabasi ndi yaitali ndipo teremu ndi yaifupi. Funso langa lija la sitima nditalifunsa, ndinangoyankhidwa kuti lamulo limatero. Lamulo limaterodi, koma ife mawa lino tidzaima pa chipata, wamalonda ali ndi lole yodzaza ng'ombe, akutiuza kuti ziwetozi zakhala kale masiku ambiri m'njira kuchokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam, tizimulola adutse. Munthu amene wangoloweza tebulo adzamuyankha chiyani? Ndipo sitinapiteko n'komwe kukaona khola la mbindikiro ndi maso, kuti tione mmene mpanda, dziwe la mankhwala opondamo ndi potayira ndowe zimakhalira. Nthawi ya ulendo wotero akuti palibe, koma nthawi yokopera manotsi pa bolodi ilipo yambiri.

Pali malo amene mzere wanga umafuna kuuthandiza, ndipo ndi pamene ndikuwerenga kwambiri panopa. Ng'ombe imene yachira matenda a zilonda za m'kamwa imatha kusunga kachilombo kummero kupitirira masiku 28, nthawi zina mpaka zaka, ndipo njati zimasunga nthawi yaitali kuposa apo, monga tikudziwira ndi mavuto a ku Chigwa cha Shire pafupi ndi Lengwe. Chiweto chotero mungachitsekere mpaka chaka, chidzatuluka chonenepa, kachilombo kali pomwepo. Apa chofunika ndi labotale, osati kalendala. Nkhani ya East Coast fever, matenda a ng'ombe ofalitsidwa ndi nkhupakupa, ndiye yovuta kwambiri. Mu 1901 ng'ombe zochokera kugombe la dziko limene lero ndi Tanzania zinatsikira ku Beira n'kupita ku Umtali, kumene tsopano ndi Mutare, zikuoneka zabwinobwino chifukwa kwawo zinazolowera matendawa. Nkhupakupa za kumeneko zitaziluma, matenda analowa m'tchire, ndipo poyamba akatswiri ankayesa kuti ndi redwater, matenda ena a nkhupakupa ochititsa mkodzo wofiira. Zinatenga zaka zoposa 50 za dibi ndi kuletsa ziweto kuyenda kuti Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ndi South Africa athane nawo. Pamenepa chosunga matenda si ng'ombe yokha, ndi msipu womwe. Australia itafuna ng'ombe za Boran za ku Zambia ndi za Tuli za ku Zimbabwe, sinalole ng'ombe zamoyo kuchokera kuno. Anatenga miluza, n'kukaiika m'ng'ombe zina pa zilumba za Cocos pakati pa nyanja ya Indian, ndipo ana obadwira kumeneko ndiwo analowa m'dzikomo mu 1990. Ndimaona kuti nawonso ankajambula mzere womwewu, kungoti anauyambira chiweto chisanabadwe.

Koma pali nkhani imodzi imene mzere sukundithandiza, ndipo ndi imene ndagona nayo masiku ano. Mu 2003 sitima ya Cormo Express inanyamuka ku Fremantle ku Australia ndi nkhosa pafupifupi 57,000. Ku Jeddah madokotala a Saudi Arabia anazikana ponena kuti zambiri zinali ndi zilonda za pamilomo, pamene a ku Australia ankati zodwala zinali zochepa kwambiri. Mayiko ena anazikananso, ndipo kuzibwezera kwawo kunali kovuta chifukwa cha malamulo a mbindikiro a Australia yemweyo, popeza zinali zitaima m'madoko a kunja. Zinakhala panyanja miyezi yoposa iwiri, zoposa 5,000 zinafa, mpaka Eritrea inazilandira. Zofanana zinachitikanso ndi sitima za Karim Allah ndi Elbeik, zomwe zinachoka ku Spain kumapeto kwa 2020 ndi ng'ombe zazing'ono, n'kukanidwa ku Turkey poopa bluetongue, ndipo ziwetozo zinadzaphedwa ku Cartagena, ku Spain komweko, mu March 2021.

Ndikawerenga za 1887, ndimati dokotala wa pa doko akane basi, asachite manyazi ndi munthu, chifukwa kumbuyo kwake kuli makola a dziko lonse. Ndikawerenga za nkhosa zofera m'kutentha kwa pa Nyanja Yofiira, ndimati zitsike kaye, zikalowe mu mbindikiro pamtunda, mkangano wa mapepala uzichitika ziweto zikumwa madzi. Koma kutsitsa kumafuna khola lotetezeka ndithu, lokwana ziweto zikwizikwi, ndi ndalama zozidyetsera, zinthu zimene si doko lililonse lili nazo. Nanga khola lotero likakhala kuti palibe, cholembera chili m'manja mwanga, sitima ili apo, ndingasaine mbali iti? Mpaka pano mtima wanga ukugawikabe pawiri, ndipo sindikuona ngati mayeso a mwezi wamawa adzafunsa zimenezi.