Mmene ndimayendetsera nyengo ya ligi ya hockey ya amayi popanda wogwira ntchito wolipidwa

Bungwe la hockey ya amayi (masewero omenya kampira ndi ndodo pabwalo) lomwe ndimatumikira ngati mlembi lilibe munthu ngakhale mmodzi wolandira malipiro, ndipo zimenezi ndi zomwe zimalamula kayendetsedwe ka china chilichonse. Wapampando, msungichuma, oyimbira masewero, aphunzitsi a matimu ndi ine amene, tonse timagwira ntchitoyi madzulo kapena kumapeto kwa sabata, titamaliza za kuntchito ndi za pakhomo. Munthu wodzipereka sungamulamule, sungamudule malipiro, ndipo tsiku lomwe watopa amangosiya kuyankha foni. Pa chifukwa chimenechi, njira yomwe ndimatsata ndi yakuti ntchito iliyonse yofunika ilembedwe ngati udindo wa kalabu, womwe kalabuyo yavomera polowa mu ligi, m'malo modalira mtima wabwino wa mayi mmodzi kapena awiri omwe sakana akapemphedwa.

Nyengo imayambira pa msonkhano waukulu wa pachaka, womwe ndimaitanitsa miyezi ingapo masewero asanayambe. Kalata yoitanira msonkhanowu ndimaitumiza pamodzi ndi zokambirana za msonkhano wapitawo, lipoti la ndalama ndi mawu enieni a kusintha kulikonse komwe wina akufuna pa malamulo oyendetsera bungwe, kuti nthumwi za makalabu zibwere zitakambirana kale ndi osewera awo. Malamulo athu amanena chiwerengero cha makalabu omwe ayenera kupezeka kuti zomangidwa pamsonkhano zikhale ndi mphamvu, ndipo chiwerengerochi chikapanda kukwana sindilola kuti tivote, ngakhale anthu atadandaula kuti achokera kutali. Lamulo lomwe lavomerezedwa ndi anthu ochepa limadzakanidwa pakati pa nyengo ndi omwe kunalibe, ndipo nthawi imeneyo mlembi ndiye amatsala yekha pamoto. Pa zisankho ndimapempha kuti maudindo asathere chaka chimodzi onse pamodzi, kuti wapampando akamachoka msungichuma akhale adakalipo, ndipo komiti yatsopano isamayambe osadziwa kanthu.

Amayi kudziyendetsera okha masewerowa si zachilendo. Bungwe la amayi la ku Ireland lidakhazikitsidwa mu 1894, la ku England mu 1895, ndipo mu 1927 mabungwe a amayi adapanga chitaganya chawo cha dziko lonse, International Federation of Women's Hockey Associations, chomwe chidayenda pachokha mpaka mu 1982 pamene chidaphatikizana ndi FIH, bungwe loyendetsa hockey pa dziko lonse lomwe lidakhazikitsidwa ku Paris mu 1924 ndipo likulu lake tsopano lili ku Lausanne, ku Switzerland. Mbiriyi ndimaikumbutsa nthumwi pamene zikukayikira ngati kuli kofunika kulipira ndalama ya umembala ku bungwe la hockey la dziko lathu, chifukwa kudzera m'bungwe limenelo ndi momwe timalumikizana ndi FIH, yomwe imasindikiza malamulo a masewero ndi kuwakonzanso nthawi ndi nthawi, komanso momwe oyimbira ndi aphunzitsi athu amapezera maphunziro ovomerezeka. Umembala ndi inshuwalansi ndimazimaliza sabata zoyambirira, ndipo ndimawerenga chikalata cha inshuwalansi mzere ndi mzere kuti ndidziwe ngati chikuteteza masewero okha kapena ndi zokonzekera zomwe, popeza mpira wa hockey ndi wolimba, umalemera pakati pa magalamu 156 ndi 163, ndipo umavulaza chimodzimodzi Lachitatu pokonzekera ndi Loweruka pampikisano.

Kalembera wa osewera ndi ntchito yosavuta koma yofuna kuuma mtima. Kalabu iliyonse imatumiza mayina, masiku obadwa ndi munthu woimbira foni pakagwa ngozi, ndipo kwa atsikana osakwana zaka 18 pamafunika chilolezo cholembedwa cha kholo. Yemwe sali m'kaundula sasewera. Mkulu aliyense wophunzitsa atsikana amayenera kudziwika ku komiti, ndipo tili ndi mayi mmodzi wosankhidwa kulandira madandaulo okhudza chitetezo cha ana, amene si mphunzitsi wa timu iliyonse.

Bwalo ndimalipeza ndandanda wa masewero ndisanalembe, chifukwa ndandanda wolembedwa bwalo lisanatsimikizike umangokhala pepala la zofuna. Bwalo la hockey ndi lotalika mamita 91.4 ndipo m'lifupi ndi mamita 55, magolo ake ndi a mamita 3.66 m'lifupi ndi 2.14 kutalika, ndipo chigoli chimawerengedwa pokhapokha wosewera wa timu yomwe ikuthira nkhondo atakhudza mpira ndi ndodo mkati mwa kachigawo kozungulira golo, komwe mzere wake uli mamita 14.63 kuchokera pagolopo. Ngati mzere umenewu wafufutika, masewero onse amasanduka mkangano, choncho ndimapita ndekha kukayendera bwalo ndisanasaine pangano lililonse. Kuyambira pa Olimpiki ya ku Montreal mu 1976, hockey yapamwamba idasamukira pa udzu wochita kupanga, ndipo mabwalo otere ndi ochepa, amabwerekedwa pa ola, komanso ofuna kuseweretsapo ndi ambiri. Eni mabwalo amakonda kupereka maola abwino kwa omwe adabwereka kalekale, omwe nthawi zambiri ndi matimu a abambo kapena a mpira wamiyendo, ndipo amayi amatsalira maola a m'mamawa kapena a usiku. Apa sindichita manyazi: ndimapempha maola a nyengo yonse pakamodzi, ndimalonjeza kulipira pa tsiku lodziwika, ndipo ndimaonetsetsa kuti panganolo likunena chomwe chidzachitike ngati mwini bwalo asintha tsiku. Malamulo a FIH amati masewero akhale a zigawo zinayi za mphindi 15, ndi kupuma kwa mphindi 2 pakati pa chigawo choyamba ndi chachiwiri komanso pakati pa chachitatu ndi chachinayi, ndi mphindi 5 pakatikati. Zonse pamodzi ndi mphindi 69, koma ine ndimabwereka mphindi 90 pa masewero alionse, popeza pali kutenthetsa thupi, kuvulala ndi kusinthana kwa matimu pabwalo.

Ndandanda weniweni ndi masamu chabe. Matimu 8 akamakumana kamodzi aliyense ndi mnzake, masewero amakhala 28, ndipo akamakumana kawiri amakhala 56, zomwe zimafuna masabata 14 ngati timu iliyonse isewera kamodzi pa sabata. Matimu akakhala 7 masabata sachepa, chifukwa sabata iliyonse timu imodzi imapuma. Pamwamba pa masabata amenewa ndimasiya ena opanda masewero, obwezera omwe alephereka chifukwa cha mvula kapena bwalo. Ena amaona ngati mpikisano wopanda ndime yomaliza ndi wosakoma, koma hockey ya amayi italowa koyamba mu Olimpiki ku Moscow mu 1980, matimu 6 adakumana aliyense ndi mnzake popanda fainolo, ndipo Zimbabwe, yomwe idaitanidwa mochedwa mayiko ena atanyanyala, idatenga mendulo ya golide osagonja ngakhale kamodzi. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa timu yofooka imasewera masewero ofanana chiwerengero ndi timu yamphamvu, ndipo amayi omwe alipira ndalama ya umembala sabwerera kunyumba sabata yachiwiri atatuluka kale mumpikisano. Polemba ndimafunsa makalabu masiku omwe sangathe kusewera ndisanatulutse ndandanda, ndipo ukatuluka, kusintha tsiku kumafuna chilolezo cha timu inayo ndi cha komiti. Osewera athu ambiri ali ndi ana ndi ntchito za mashifiti, ndipo ndandanda wosasinthasintha ndi womwe umawalola kupempha tchuthi kapena kupeza wowasungira mwana nthawi ikadalipo.

Gawo lomwe limandidyera nthawi kuposa onse ndi la oyimbira. Masewero alionse amafuna oyimbira awiri, aliyense woyang'anira makamaka theka lake la bwalo ndi kachigawo ka golo limodzi, kotero kuti nyengo ya masewero 56 imafuna malo 112 odzaza ndi anthu odziwa malamulo komanso okonzeka kukalipiridwa ndi anzawo. Palibe amene amalowa hockey kuti adzaimbe wezulo. Kupempha pa gulu la WhatsApp kuti wofuna kuthandiza adzipereke kumabweretsa amayi omwewo atatu kapena anayi, omwe pofika pakati pa nyengo amakhala atatheratu. Tidamanga lamulo lakuti kalabu iliyonse, polembetsa timu, ipereke mayina a anthu awiri oti aphunzitsidwe kuimbira, ndipo ndandanda wa oyimbira umatuluka tsiku limodzi ndi wa masewero, dzina la kalabu litalembedwa pambali pa masewero omwe si ake. Kalabu ikalephera kutumiza woyimbira imadulidwa pointi. Chindapusa cha ndalama tidachikana, ndipo ndimagwirizana nako kukanako, chifukwa kalabu yolemera imangolipira n'kuiwala, pamene pointi imapweteka aliyense mofanana.

Nyengo isanayambe timachita tsiku la maphunziro a oyimbira, ndipo nthawi yambiri imathera pa zinthu zomwe zimabutsa mkangano. Amayi omwe adasewera ali atsikana n'kubwerera patapita zaka amapeza masewero atasintha: lamulo la ofusayidi lidachotsedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira mu 2009 wosewera akapatsidwa mpira waulele amatha kudziyambira yekha n'kuthamanga nawo osapatsira mnzake. Osewera amalowa ndi kutuluka kangapo konse momwe timu ifunira, koma kusinthana sikuloledwa pa nthawi ya penalty corner (mpira womwe timu yothira nkhondo imapatsidwa otchinga akalakwa pafupi ndi golo lawo), kupatula ngati wotchinga pagolo wavulala kapena watulutsidwa. Pa penalty corner yomweyo otchinga osapitirira asanu, kuphatikizapo wa pagolo, ndi omwe amaima kuseri kwa mzere wa golo, ndipo ena onse amakhala kutsidya kwa mzere wapakati. Makadi ndi atatu: yobiriwira imatulutsa wosewera kwa mphindi 2, yachikasu kwa mphindi zosachepera 5, ndipo yofiira imamutulutsa kwa nthawi yonse yotsala ya masewerowo. Woyimbira watsopano ndimamuika ndi wodziwa kale pa masewero ake oyamba, ndipo lamulo lathu limati kaputeni yekha ndiye angafunse woyimbira za chigamulo, mwaulemu komanso mpira utaima. Mayi yemwe watukwanidwa pa tsiku lake loyamba sabweranso, ndipo kumutaya iye ndi kutaya masewero khumi a chaka chamawa.

Pali zinthu zina zomwe malamulo a FIH sanena ndipo ligi iyenera kudzimangira yokha. Malamulowo amati timu isapitirire osewera 11 pabwalo, koma ochepetsetsa oti masewero ayambe timasankha tokha, pamodzi ndi mphindi zomwe timu yochedwa ingadikiridwe ndi zigoli zomwe zimalembedwa ngati timu siinabwere. Malamulo amalolanso timu kusewera popanda wotchinga pagolo, koma ikakhala naye ayenera kuvala zomuteteza, ndipo popeza zovala zake ndi zodula kuposa china chilichonse chomwe kalabu imagula, bungwe limasunga zina zobwereketsa makalabu atsopano, zolembedwa m'buku ndi siginecha ya wobwereka. Zoteteza mano ndi miyendo tidaziika kukhala zokakamiza kwa atsikana onse.

Pa ndalama sindilankhula zambiri chifukwa ndi gawo la msungichuma, koma pali zomwe ndimaumirira monga mlembi. Akaunti ya kubanki ili m'dzina la bungwe, ndalama siituluka popanda anthu awiri kusaina, ndipo ndalama ya umembala imalipidwa timu isanalowe pa ndandanda, popeza ngongole ya bwalo siidikira kuti makalabu atolere zopereka. Wodzipereka aliyense amene wagwiritsa ntchito ndalama yake pa ulendo kapena pa foni amabwezeredwa akabweretsa lisiti, ndipo ndimawakakamiza kutenga ngakhale omwe akuti safuna, chifukwa udindo ukazolowereka kukhala wodzilipirira, odzaulandira m'tsogolo amakhala okhawo omwe ali ndi ndalama.

Masewero akayamba, ntchito yanga imakhala pa pepala la zotsatira. Makaputeni amalembapo mayina mpira usanayambe, oyimbira amalembapo zigoli ndi makadi, onse amasaina, ndipo chithunzi chake chimandipeza tsiku lomwelo. Ndimayerekeza mayinawo ndi kaundula, kenako ndimatulutsa mndandanda wa mapointi, atatu kwa wopambana ndi imodzi pa kufanana mphamvu. Kadi yofiira ikatuluka, woyimbira amalemba lipoti, wosewerayo amapatsidwa mpata woyankha, ndipo nkhaniyo imaweruzidwa ndi anthu atatu ochokera m'makalabu omwe sakukhudzidwa. Apilo imapita kwa anthu ena atatu osiyana ndi oyamba aja. M'bungwe laling'ono aliyense amadziwana ndi aliyense, ena ndi pachibale, ena adaphunzira limodzi, ndipo ndondomeko yolembedwa ndi yomwe imateteza oweruzawo kuti asadzanenedwe kuti adakondera.

Masewero omaliza akatha ndimasonkhanitsa mapepala onse a zotsatira, kaundula, mapangano a bwalo, chikalata cha inshuwalansi ndi zokambirana za komiti, n'kuziika pamalo amodzi pa intaneti pomwe wapampando ndi msungichuma angathenso kufika, pogwiritsa ntchito imelo ya bungwe osati yanga. Msungichuma amapereka mabuku ake kwa munthu wa kunja kwa komiti kuti awaunike msonkhano waukulu usanachitike. Ine ndimalemba kalendala ya mlembi, yonena mwezi wolembera eni bwalo, tsiku lomwe inshuwalansi imatha, ndi nthawi yotumiza kalata yoitanira msonkhano, ndipo wachiwiri wanga, yemwe malamulo athu amati achokere ku kalabu ina osati yanga, ndiye amalemba ndandanda wa chaka chotsatira ine ndikungoyang'ana.