Zikomo anthu a pa Lizulu ndi ku Dedza

Tinasamuka ku Chikwawa mwezi wa Juni, nditapeza ntchito ku Dedza boma. Lole yomwe tinachita hayala inafera pa Lizulu dzuwa litalowa kale, katundu yense ali pamwamba, ana atatu atavala timalaya topyapyala ta kuchigwa. Ife ozolowera kutentha kwa ku Shire, chisanu chotere tinkangochimva kwa anthu.

Mayi ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1, inu amene munamasula chitenje chanu n'kufunditsa mwana wathu wamng'ono, kenako n'kutisonkhera mbaula kuti tiwothe, dzina lanu sindinafunse n'komwe, koma nkhope yanu sindidzaiwala. Nanunso achimwene amakanika, munagona pansi pa lole ndi tochi ya foni mpaka injini inalira, ndalama n'kukana. Mulungu akudalitseni.

Titafika pakati pa usiku, eni nyumba anali atatisungira madzi otentha ndi nsima ya nyemba. M'mawa mwake, nkhungu itakuta phiri la Dedza, aneba anabwera ndi mtolo wa nkhuni, n'kuperekeza mayi akunyumba kukalembetsa ana sukulu.

Pano ana ayamba kuzolowera, ngakhale majuzi sachoka m'thupi. Zikomo kwambiri nonsenu.